Amayi, Auzeni Adokotala Zoona

Mackay, 12 Malichi 2023

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi bondo lanu lija, kodi lasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, ndikudya, ndikugona, ndanenepanso moti mlongo wanga Sala akandiona aseka. Ndaganiza zolemba chifukwa pa foni mumachita kukwera phiri kuti mundimve, ine n'kumangolongolola za mpira mpaka foni kuduka, chimene ndakuimbirani osachinena.

Ndalama za malata ndatumiza kwa Sala. Akagule ku Suva, ndipo pokweza m'sitima ya ku Kadavu aimirire pomwepo, asangosiyira anyamata apadoko. Muyambe kufolera chipinda chanu. Khitchini idikire kaye. Nkhumba yaikazi ija musagulitse ngakhale abusa ataitamanda chotani.

Ntchito ikuyenda. Ndikadali pa chilole changa chonyamula miyala mu mgodi wa malasha, sabata ina kumgodi, ina kuno m'tauni. Mwezi watha panachitika kanthu kakang'ono pa mphambano ya mu mgodimo, koma palibe anavulala. Akapitawo athu, a Darren, anandiitanira mu ofesi ndipo tinakambirana ngati akuluakulu. Anyamata akwathu ali kunowa akakuuzani zina, musawamvere, mumawadziwa mmene amakuzira nkhani.

Pagulu lathu pali mayi wina woyendetsa chilole ngati changa, a Kerry, wamkulu ndithu kwa ine. Tsiku lina tikudya anandiyang'ana ndikugwedeza mwendo mpaka tiyi wawo kutayika. Anati, "Iwe Lai, m'mutu mwakomo muli mawailesi angati?"

Ndinati, "Anayi, mayi, ndipo onse ndi otsegula."

Ndimayesa aseka. Anati, "Inenso ndinali choncho mpaka nditakwanitsa zaka makumi anayi. Kaonane ndi dokotala."

Ndinawauza kuti ife a ku Kadavu sitipita kwa dokotala pokhapokha fupa litatulukira kunja. Azungu amakonda kupatsa dzina chilichonse.

Mundipatsire moni onse a kutchalitchi.

Mwana wanu,
Ilaitia

Mackay, 23 Epulo 2023

Okondedwa Amayi,

Ndasangalala kumva kwa Sala kuti malata afika onse ndipo kuchipinda kwanu sikukudonthanso. Bondolo muzilipumitsa, kumunda wa chinangwa kuzipita ena. Ine ndili bwino.

Kalata iyi muiwerenge mutakhala pansi, ndipo muimalize musanayambe kudandaula.

Kanthu ndinakuuzani kaja sikanali kakang'ono. Lamulo lathu n'lakuti ukamayandikira mphambano uzinena pa wailesi yolankhulirana ya m'chilole kuti ukubwera, chifukwa ukakhala pamwamba pa chilole chija galimoto yaing'ono suiona. Ine sindinanene. Sindinagone, sindinamwe kanthu, maso anali pamsewu, koma mutu unali kwathu ukumanga khola la nkhumba. Galimoto yaing'ono inadutsa pamphuno panga penipeni, muli anthu awiri. A Darren anati, "Lai, pagulu lonseli palibe amabweza chilole m'mbuyo bwino ngati iwe. Koma ili ndi chenjezo lomaliza. Sindikufuna kukaima pakhomo pa mkazi wa munthu ndi uthenga wa maliro chifukwa cha iwe."

Ndiye ndinawamvera a Kerry. Dokotala wathu wa masiku onse ananditumiza kwa dokotala wa matenda a maganizo. Amayi, si za misala, ndatero ine. Zoterezi kuno umalipira wekha, ndalipira madola 950, n'chifukwa chake khitchini idikirabe.

Adokotalawo ndi mayi, a Whitlock, ali ku Brisbane ndipo timaonana pa foni ya kanema. Anandifunsa, "Kodi mumamaliza zimene mwayamba?" Ndinangotembenuza foni kuwaonetsa kabati imene ndinayamba kulumikiza chaka chatha, yopanda zitseko mpaka lero. Anafunsanso, "Mumataya zinthu?" Ndinati, "Ayi, adokotala, sinditaya, zimangondichokera." Anaseka, koma analemba.

Akuganiza kuti ndili ndi chimene amachitcha ADHD. Akuti pali anthu amene mutu wawo sugwira chinthu chimodzi nthawi yaitali pokhapokha chitawakomera, thupi nalo losafuna kukhazikika. Akuti si ulesi, ndipo mankhwala ake alipo. Koma chimenechi sichiyamba munthu atakula, chimaoneka kuyambira ubwana, ndiye sangatsimikize asanamve kwa wina amene anandidziwa ndili mwana. Malipoti anga a kusukulu anapita ndi namondwe uja. Atate kulibe. Mwatsala inu.

Sala adzakutengerani ku Vunisea kumene foni imagwira bwino, ndipo adzamasulira. Inenso ndidzakhala pa foni pomwepo. Inu mudzangonena mmene ndinalili. Nkhani imeneyi palibe angaifotokoze kukuposani, poti mumainena pa ukwati uliwonse.

Mwana wanu,
Ilaitia

Mackay, 14 Meyi 2023

Amayi,

Ndikhulupirira munafika bwino kumudzi ndipo boti silinakugwedezeni kwambiri. Ndinaona kuti munavala diresi lanu la kutchalitchi. Munatchena ndithu, adokotala nawonso ananena.

Koma Amayi, mwana munawafotokozera adokotala uja ndi wa ndani? Ndikufuna ndimudziwe, mwina angandibwereke nzeru.

Adokotala anafunsa ngati ndinkakhazikika m'kalasi. Inu munati, "Ngati mwala." Anafunsa ngati ndinkaiwala zotumidwa. Munati, "Ameneyu? Ukamutuma kamodzi, basi." Sala ankamasulira akuyang'ana pansi. Mutafika ponena kuti aphunzitsi ankandisiyira ana anzanga kuti ndiziwayang'anira, ine ndinakuwa, "Amayi!" Inu n'kunena kuti, "Mwamva? Ngakhale pano amanditchula mwaulemu."

Mutachoka pa foni, adokotala anatsala ndi ine ndekha. Kenako anati, "Bambo Ilaitia, amayi anu amakukondani kwambiri. Koma ndi zimene ndamvazi sindingakulembereni mankhwala. Ndi amphamvu, sindingawapereke mongoyerekeza." Sindinawakwiyire. Akanakhala ongofuna ndalama akanangolemba.

Tsiku limenelo ndinakwiyira inu, sindibisa. Koma Sala anandiimbira n'kundiuza zimene munanena m'boti pobwerera, zakuti mchimwene wanu, amalume a Peniasi, anawatengera kuchipatala cha amisala ku Suva inu muli mtsikana, agogo atangouza dokotala zoona, ndipo sanabwererenso. Ine sindinkadziwa kuti zinayenda choncho. Ndinkangodziwa kuti panali amalume amene sitiwatchula.

Amayi, ine palibe adzanditenge. Adokotalawa alibe chipinda chotsekera anthu, ali ndi tebulo, foni ndi galu wokalamba amene amadutsadutsa kumbuyo kwawo. A Kerry amamwa mankhwala omwewa, ali ndi zidzukulu, ali ndi nyumba yawoyawo, ndipo pagulu lathu ndi amene sanagundepo kalikonse. Chimene chinganditenge ine ndi mphambano ija, ndikadzaiwalanso.

Adokotala avomera kulankhula nanunso mukafuna. Sindikukakamizani. Koma mukabweranso, mubwere ndi mwana wanu weniweni uja.

Mafuta opaka bondo ndawapatsira mkazi wa Josaia, mnzanga wakwathu uja, akubwera kumeneko kumapeto kwa mwezi.

Ndine wanu yemwe uja,
Ilaitia

Kumgodi, 18 Juni 2023

Okondedwa Amayi,

Sala akuti muli bwino, kungoti simukufuna kumva za ku Vunisea. Chabwino. Ine ndili moyo, kuno kukuzizira m'mawa, ndagula jekete.

Mwezi uno ndalama zichepa, ndipo mwina wamawanso. Ndapempha ndekha kwa a Darren kuti anditsitse kaye pa chilole. Palibe chachitika, musaganize zambiri. Kungoti tsiku lina ndinazindikira kuti ndadutsa malo ena ake ndipo sindikukumbuka ngati ndinanena pa wailesi kapena ayi. Anzanga akuti ndinanena. Ine sindikukumbuka.

Pano ndikutsuka zilole za anzanga ndi paipi ya madzi. Ndi ntchito yabwino, yoyendayenda, mwendo sugwedezeka. Anyamata akunditchula kuti Bwana Sopo. Ndimawauza kuti akalankhulanso ndiwatsukira mkati momwe, zenera lili chitsegulire.

A Darren anandifunsa kuti za adokotala zija zafika pati. Ndinati tikudikira mboni. Anati malo anga awasunga mpaka kumapeto kwa Ogasiti, kupitirira apo akuluakulu adzaikapo wina. Nthawi ilipo, ine sindikuda nkhawa.

Za chopereka cha msonkhano wa tchalitchi, muwauze abusa kuti chaka chino banja lathu lipereka zilazi ndi nsomba, ndalama tidzaona chaka chamawa. Musachite manyazi ponena, inenso sindikuchita.

Mwana wanu,
Ilaitia

Mackay, 30 Julayi 2023

Amayi anga okondedwa,

Muli bwanji? Mawu anabwerera? Ndikufunsa chifukwa munalankhula mpaka adokotala anachita kuuza wodwala wotsatira kuti adikire.

Zikomo, Amayi. Sala atandiuza kuti mwadzuka nokha n'kunena kuti, "Kaitane boti, tikawauze," sindinakhulupirire. Ulendo uno munabwera ndi diresi lakumunda, ndipo musanapereke n'komwe moni munati, "Adokotala, ulendo watha ndinakunamizani. Tengani cholembera."

Zina ndinali nditaziiwala. Zoti munandituma mchere kusitolo m'mawa, ine n'kubwera madzulo ndi nkhanu ziwiri, wopanda mchere, wopanda nsapato imodzi. Zoti ndinatulukira pazenera la kalasi kutsatira chinkhwe, aphunzitsi akulemba pabolodi. Zoti ndinasiya boti la Atate osalimanga, amuna a mudzi wonse n'kukalitola kuseri kwa matanthwe. Za moto wa m'chisakasa choumitsira kokonati ndimakumbuka, koma sindinkadziwa kuti munachita kupereka mikeka yanu yaukwati kwa eni ake. Apo adokotala anasiya kulemba, nanenso ndinasiya kuseka.

Koma pamene anafunsa kuti, "Kodi pabanjapo pali wina wotere?" Sala sanamasulire n'komwe, anangokulozani ndi chala. Inu munati, "Iwe, tsitsa chalacho!" Kenako munayamba kufufuza magalasi anu m'chikwama ali pamutu panu. Adokotala anadzigwira, koma ine ndinawaona.

Atsimikiza, Amayi, ndi ADHD. Anandiyezetsa mtima ndi kuthamanga kwa magazi, zonse zili bwino, kenako anandilembera mapiritsi. Ndayamba ndi ochepa, akuti tizikweza pang'onopang'ono mpaka tipeze mlingo wondiyenera.

Tsiku loyamba ndinamwa m'mawa n'kukhala pampando kudikira kuti ndimve chinachake. Sindinamve kanthu. Ndinati ndalama zanga zapita. Kenako ndinaona zitseko za kabati zija zitatsamira khoma, ndinadzuka, n'kuzimangirira zonse. Ndinatsuka mbale. Ndinaimbira a banki n'kudikira pa foni mpaka atayankha, osadula. Masana ndi pamene ndinazindikira kuti m'mutu muli zii. Pa mawailesi aja yatsala imodzi, ndipo ndikuisankha ndine. Ndinawaimbira a Kerry, ndinati, "Mayi, kodi anthu ena onsewa amakhala chonchi tsiku lililonse?" Anati, "Eya, ndipo salipira." Ndinaseka, kenako ndinapezeka ndikulira, munthu wamkulu ndithu, nditatsamira kabati.

Musaope kuti andisintha. Ndikadali wolongolola. Kungoti tsopano chiganizo ndikachiyamba ndimachimaliza.

Mwana wanu,
Ilaitia

Kumgodi, 17 Seputembala 2023

Okondedwa Amayi,

Pepani kuti ndakhala chete. Ndimafuna ndilembe zinthu zitatha, osati zili pakati. Ndamva kuti kwagwa mvula yambiri, zilazi zisaole m'munda, auzeni ana a Josaia akukumbireni, mudzawapatse zina.

Mapiritsi si shuga, ndikuuzeni. Atandikwezera mlingo, chakudya chinasiya kundikoma. Ine amene mumandidziwa, kusiya nyama m'mbale! Lamba ndinachita kumuboola bowo lina. Dzuwa likamapendeka mankhwala akatha m'thupi ndinkapsa mtima ndi zaziii, tsiku lina ndinakalipira mnzanga wa ku Tonga chifukwa chotafuna mokweza. Ndinawauza adokotala zonse. Anati, "Mwachita bwino kunena, ambiri amabisa poopa kuti ndiwalanda." Anandisinthira ena ogwira tsiku lonse pang'onopang'ono, n'kundilamula kudya kwambiri m'mawa ndisanamwe. Tsopano zili bwino. Anandiuzanso kuti mapiritsi sangandikumbutse chimene sindinachisunge penapake, ndiye foni yanga imalira ngati belu la tchalitchi, ichi chakumwa mankhwala, ichi chochapa, ichi choimbira Amayi.

Tsopano nkhani ya kuntchito. Kuno amatiyeza malovu mwadzidzidzi kuona ngati tagwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo, ndipo mapiritsi angawa pa makina awo amaoneka ngati omwewo. Ine ndinali nditawauziratu a mu ofesi, ndi kalata ya adokotala yomwe. Koma makina sadziwa kalata. Tsiku limene ndimayenera kubwerera pa chilole, anatiyeza pageti, ndipo woyezayo ananditulutsa pamzere gulu lonse likuona. Lamulo ndi lakuti ukadikire kukampu mpaka zotsatira zenizeni zibwere kuchokera m'tauni.

Ndikuyenda kupita ku basi, wina anakuwa, "Bwana Sopo, tigawireko!" Wina anati, "Paja munthu sangamaseke chonchija ali bwinobwino." Kale ndikanangoseka nawo n'kukadwalira kuchipinda. Ndinaima, ndinatembenuka. Ndinati, "Amwene, awa ndi mankhwala a dokotala. Ndili ndi ADHD. Ndimamwa kuti ndisakupondeni ndi chilole. Alipo akufuna ndisiye?" A Kerry okha anati, "Wamva iwe Jayden? Tseka pakamwa, ukayendetse."

Kudikirako kunali kowawa, sindinama, chifukwa malo anga anali atatsala pang'ono kupatsidwa wina. Zotsatira zitabwera zinagwirizana ndi kalata, dokotala wa kampani anandiona n'kusaina. A Darren anandipatsa okha makiyi, anati, "Pita, koma ndizikumva pa wailesi." Tsopano akudandaula kuti akundimva mopitirira.

Chodabwitsa n'chakuti Jayden yemwe uja anadzanditsatira ku malo odyera, n'kufunsa motsitsa mawu kuti adokotalawo amapezeka bwanji. Akuti akufunsira msuweni wake. Ndinamupatsa nambala, ndinati msuweniyo ayambe wakambirana ndi amayi ake.

Ndalama za khitchini ndayamba kutumiza. Sala afunse mtengo wa matabwa asanalonjeze mmisiri.

Mwana wanu,
Ilaitia

Mackay, 26 Novembala 2023

Amayi anga,

Kalata yanu ndalandira. Zaka zonsezi ndili kuno mumangotuma Sala, lero ndaona dzanja lanu. Pamwamba mwalemba Ogasiti, pansi Novembala, zolembera zitatu zosiyana, ndipo pakati pa nkhani yofunika mwayamba kundiuza za nkhumba kuti yaswa ana asanu ndi awiri. Ndinaiwerenga mosavuta. Umu ndi mmene ine ndimaganizira.

Ndakondwa kuti bondo lili bwinoko ndipo khitchini yafoleredwa. Ine ndili bwino, thupi labwerera. Adokotala akuti tsopano tizionana patalipatali, zina azindithandiza dokotala wa kuno.

Tsopano za nkhani mwalembayi. Mukuti chichokereni ku Vunisea mtima sukukhala pansi, mukukumbukira tsache la kokonati lija mmene linkathera pamiyendo panga. Mukuti munkamenya mwana chifukwa cha chinthu chimene sanachisankhe. Mukutinso mwagula mizu ya kava, chakumwa chathu cha pamwambo chija, ndipo mwapempha amalume aang'ono kuti adzakulankhulireni, mudzandipepese mwamwambo pamaso pa abale ndikadzafika.

Amayi, ayi. Zimenezo sizichitika.

Tsache linkawawa, sindingakunamizeni, ndipo masiku ena ndinkakhulupirira kuti ndinedi wopanda pake monga ankanenera aphunzitsi. Nditamva dzina la vutoli ndinakhala masabata angapo ndikuwerengera zimene ndikanakhala akanalidziwa kale. Ndinawauza adokotala zimenezo. Anati pa nthawi imeneyo ngakhale kuno kwawo ana ambiri otere ankangotchedwa osamva, nanga inu kumudzi mukanalidziwira kuti? Munali ndi ana anayi, munda, ndi mwana mmodzi wotentha zisakasa za eni. Koma aphunzitsi aakulu atafuna kundichotsa sukulu, ndani anakakhala pakhonde la ofesi yawo kuyambira m'mawa mpaka anasintha maganizo? Zimenezo simunawauze adokotala. Ndawauza ine.

Ndipo munakwera boti kawiri ndi bondo lotupa, kachiwiriko kukanena zoona mukuopa kuti anditenga. Kupepesa kwina kotani kumene mukufuna?

Ndikufika pa 19 Disembala, tikiti ndagula kale ndipo tsiku ndaliyang'ana kangapo. Mapiritsi ndibwera nawo pamodzi ndi kalata yake, musadzawabise m'chitini cha tiyi poopa alendo. Wofunsa tidzamuuza.

Kava musabweze. Amalume abwere ndithu, koma osati kudzapepesa. Tidzasinje, tidzakhale pamkeka m'khitchini yatsopanoyo, inu mudzatiuze za amalume a Peniasi. Ndikufuna kudziwa mmene ankasekera, chimene ankakonda kudya, nyimbo zimene ankaimba. Sala ndi ine sitinamvepo. Mudzayambire paliponse, mudzapatukire ku nkhumba mukafuna. Ine tsopano ndimatha kukhala pansi mpaka nkhani kutha.

Mwana wanu weniweni,
Ilaitia